Chiphaso Chogulitsira Chamba Chikalandidwa ku Ontario: Mafunso ndi Mayankho

Dziko la Canada linalola anthu akuluakulu kugula chamba mwalamulo pa 17 Okutobala 2018, ndipo m'chigawo cha Ontario masitolo oyamba a anthu wamba anatsegulidwa pa 1 Epulo 2019. Moyo wonse wa sitolo yotere uli m'chiphaso, chifukwa tsiku limene chiphasocho chathetsedwa, katundu yemweyo amene dzulo ankagulitsidwa poyera amasanduka katundu woletsedwa kugulitsa. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza zimene mwini sitolo angachite pamene boma lamuuza kuti likufuna kumulanda chiphaso, komanso malire a zimene mabwalo amilandu angamuchitire.

Ndani amapereka chiphaso, nanga ndani ali ndi mphamvu zochilanda?

Ntchito ziwiri zonsezi zili m'manja mwa bungwe la Alcohol and Gaming Commission of Ontario, limene anthu amangolitchula kuti AGCO, ndipo ndi lomwenso limayang'anira malonda a mowa ndi juga m'chigawochi. Lamulo limene bungweli limatsatira pa nkhani ya chamba ndi Cannabis Licence Act ya 2018, ndipo zigamulo zake zimatuluka m'dzina la mkulu wotchedwa Registrar.

Ziphaso zake zilipo zitatu. Pali chiphaso cha munthu kapena kampani yochita malondawo, pali chilolezo cha sitolo iliyonse payokha, ndipo pali chiphaso cha manijala woyendetsa sitolo. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukumvetsa kalata ikangofika, chifukwa kutaya chilolezo cha sitolo imodzi kukhoza kutseka khomo limodzi lokha, pomwe kutaya chiphaso cha kampani kumagwetsa masitolo onse amene ali pansi pake. Khonsolo ya mzinda ilibe mphamvu zopereka kapena kulanda ziphasozi. Makhonsolo anangopatsidwa mwayi, umene unatha pa 22 Januwale 2019, wokana kuti m'dera mwawo mukhale masitolo a chamba.

Ndi zifukwa zotani zimene zimachititsa kuti chiphaso chilandidwe?

Zina n'zoonekeratu. Kugulitsa chamba kwa munthu wosafika zaka 19 ndi mlandu waukulu, ndipo pofuna kupewa zimenezi lamulo limalamula kuti aliyense wooneka ngati sanafike zaka 25 aonetse chitupa asanaloledwe kulowa. Kugulitsa chamba chosachokera ku Ontario Cannabis Store, kampani ya boma imene ili yokhayo yololedwa kupikulitsa chamba kwa masitolo, ndi mlandu winanso waukulu. Momwemonso kugulitsa magalamu opitirira 30 a chamba chouma kwa munthu mmodzi pa nthawi imodzi, kusasunga bwino kaundula wa katundu, kapena kulepheretsa oyendera a AGCO kugwira ntchito yawo.

Koma zifukwa zimene zimavuta kwambiri kuzitsutsa ndi zija zokhudza khalidwe. Lamulo limalola Registrar kuchitapo kanthu ngati pali zifukwa zomveka zokhulupirira kuti munthuyo sachita malondawo motsata lamulo, moona mtima, mokhulupirika ndi mokomera anthu onse. Apa ndi pamene pamalowa nkhani za kubisa mwini weniweni wa sitolo, kubisa kumene kunachokera ndalama zoyambira malonda, kapena kunama pa fomu yofunsira chiphaso. Munthu akhoza kukhala kuti sanagulitsepo kanthu kwa mwana, sitolo yake ili yaukhondo, makamera onse akugwira ntchito, koma n'kutaya chiphaso chifukwa sanaulule kuti amene anamupatsa mpamba ndi munthu woti akanafunsira yekha chiphaso akanakanidwa.

Kodi sitolo imatsekedwa tsiku lomwelo kalata ikafika?

Kawirikawiri ayi. Chimene chimafika poyamba ndi kalata yodziwitsa cholinga, yotchedwa Notice of Proposal, imene imanena kuti Registrar akufuna kuyimitsa kapena kuthetsa chiphaso, n'kutchula zifukwa zake. Kalata imeneyi si chigamulo chomaliza, ndipo mwini sitolo akapempha kuti nkhani yake imvedwe, amapitiriza kugulitsa kufikira bwalo litagamula.

Pali njira ziwiri zimene zimadumpha dongosolo limeneli. Yoyamba ndi kuyimitsa chiphaso nthawi yomweyo, pamene Registrar waona kuti kudikira kuika anthu pachiswe. Mwini sitolo amakhalabe ndi ufulu womvedwa, koma amamvedwa sitolo ili yotseka. Yachiwiri ndi pamene khoti lapeza mwini chiphaso wolakwa pa milandu ina yotchulidwa m'lamulo, monga kugulitsa chamba kwa ana. Pamenepo chiphaso chimathetsedwa popanda kalata yodziwitsa cholinga ija, chifukwa lamulo limaona kuti munthuyo anamvedwa kale pamene ankazengedwa mlandu. Ichi n'chifukwa chake munthu wokhala ndi chiphaso sayenera kuvomera mlandu kukhoti mongofuna kuti zithe msanga, asanafunse loya ngati kuvomerako sikupita ndi sitolo yake.

Kodi munthu ali ndi nthawi yaitali bwanji yoti atsutse?

Masiku 15 okha kuchokera pamene walandira kalatayo. M'masiku amenewa ayenera kulemba pempho loti nkhani yake ikamvedwe ku bwalo la Licence Appeal Tribunal, ndi kudziwitsanso Registrar. Akapanda kutero, Registrar ali ndi ufulu wochita zimene ananena m'kalata, popanda wina womufunsanso.

Kwathu timati mlandu suwola, ndipo pa nkhani za m'mudzi mawuwa ndi oona, koma ufulu wochita apilo umawola, ndipo umawola msanga. Taganizirani envelopu imene yafika Lachisanu masana sitolo ili yodzaza, wantchito n'kuiponya m'dirowa ya pansi pa kauntala pamodzi ndi malisiti a magetsi, mwini wake ali ku sitolo yake ina kutsidya la mzinda. Ikamadzatsegulidwa patapita sabata ziwiri, pamakhala patatsala tsiku limodzi loti apeze loya, amvetse zimene akuimbidwa, ndi kulemba pempho. Bwalo lili ndi mphamvu zowonjezera nthawi, koma limafuna kuona kuti munthuyo analidi ndi cholinga chochita apilo nthawi isanathe, kuti kuchedwa kwake sikunali kwakukulu, kuti mbali inayo sipwetekedwa, ndiponso kuti apiloyo ili ndi mfundo. Kudalira chifundo chimenechi n'kuika sitolo yonse pa ulusi. M'kuona kwanga, milandu yambiri yotere imapambanidwa kapena kutayidwa m'masiku 15 amenewa, woweruza asanaone n'komwe nkhope ya mwini sitolo.

Kodi ku Licence Appeal Tribunal kumachitika zotani?

Bwaloli si khoti lenileni, koma ndi loyima palokha, losiyana ndi AGCO, ndipo limamva nkhani yonse mwatsopano. Nkhani isanayambe kumvedwa pamakhala msonkhano wa mbali ziwirizo pamaso pa membala wa bwalo, pamene amagwirizana mfundo zimene akutsutsana, tsiku lopatsana zikalata, ndi mboni zimene zidzaitanidwe. Milandu ina imathera pomwepa, pamene mbali ziwiri zagwirizana kuti m'malo molanda chiphaso chingoyimitsidwa kwa masiku angapo, kapena chiwonjezeredwe malamulo ena oti mwini wake azitsata.

Nkhani ikafika pomvedwa, Registrar ndiye amayamba kupereka umboni, ndipo mboni zake nthawi zambiri zimakhala oyendera masitolo ndi apolisi amene anafufuza. Mwini sitolo, kudzera mwa loya kapena paralegal wovomerezeka (munthu wololedwa kuimira anthu pa milandu ina ngakhale si loya), ali ndi ufulu wozifunsa mafunso mbonizo ndi kuitana mboni zake. Pamapeto pake bwalo likhoza kuvomereza cholinga cha Registrar, kuchikana, kapena kuika chilango chocheperapo.

Umboni umene umalemera pano ndi wa zolembedwa pa nthawi yake: zithunzi za makamera a tsiku limene akunenalo, malisiti a ku Ontario Cannabis Store, kaundula wa katundu wolowa ndi wotuluka, ndi zikalata zosonyeza kuti wantchito aliyense anamaliza maphunziro a CannSell, amene lamulo limafuna kuti wogulitsa chamba aliyense achite asanayambe ntchito. Zithunzi za makamera sizikhalitsa, makina amazifufuta okha pakapita nthawi, choncho kuzikopera pamalo ena ndi ntchito ya tsiku loyamba lenilenilo. Mwini sitolo amene wabwera ndi mawu okha akuti ndine munthu wabwino, anzanga onse akudziwa, amakumana ndi woyendera amene ali ndi kabuku kolembedwa tsiku, ola ndi dzina la katundu.

Kodi boma liyenera kutsimikiza mlandu monga zimakhalira pa milandu ya upandu?

Ayi, ndipo apa ndi pamene eni masitolo ambiri amadabwa. Pa mlandu wa upandu boma liyenera kutsimikiza popanda chikayiko chomveka, koma pa nkhani ya khalidwe la mwini chiphaso muyeso wake ndi wotsika kwambiri. Khoti la apilo la Ontario linafotokoza zimenezi mu 2013 pa mlandu wa malo omwera mowa otchedwa Famous Flesh Gordon's a mumzinda wa London, m'chigawo chomwecho, amene mwini wake anali membala wa Hells Angels, gulu la okwera njinga zamoto limene apolisi amaliona ngati la zigawenga. Khotilo linati lamulo likamanena za zifukwa zomveka zokhulupirira, Registrar safunika kusonyeza kuti munthuyo adzaphwanyadi lamulo, ndipo mbiri ya munthu kunja kwa malo ake amalonda ikhoza kuganiziridwa. Chofunika n'chakuti pakhale zoposa kungoganizira chabe, kutanthauza maziko enieni ochokera ku nkhani zodalirika. Mlanduwo unali wa mowa, koma mawu a lamulo la chamba ndi ofanana, ndipo mabwalo amatsata mfundo yomweyo.

Tanthauzo lake n'lakuti munthu akhoza kupezeka wosalakwa kukhoti, kapena apolisi n'kuusiya mlandu wake, koma chiphaso n'kuchitayabe. Ena amaona kuti zimenezi n'zopanda chilungamo, ndipo dandaulo lawo ndimalimva, chifukwa n'zopweteka kutaya malonda pa nkhani imene khoti silinakupeze nayo wolakwa. Komabe cholinga chachikulu chololera chamba ku Canada chinali kuchotsa malondawa m'manja mwa zigawenga ndi kuteteza ana, ndipo bungwe limene likanati lizidikira chigamulo cha mlandu wa upandu lisanachite kanthu likanalephera ntchito imeneyi. Chimene muyeso wotsikawu umafuna, kuti usasanduke chida chozunzira anthu, ndi bwalo lofunsa mosanyengerera kuti nkhani zodalirikazo zili kuti.

Wolakwa ndi wantchito wanga, osati ine. Kodi imeneyi si mfundo yokwanira?

Payokha si yokwanira, chifukwa udindo woonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa m'sitolo uli pa mwini chiphaso. Koma mfundoyi imathandiza pa kukula kwa chilango. Ngati mwini sitolo asonyeza kuti anaphunzitsa antchito ake, kuti panali lamulo lolembedwa lofunsa chitupa pakhomo, kuti ankayendera yekha kuona ngati likutsatidwa, ndiponso kuti atamva za cholakwacho anachitapo kanthu tsiku lomwelo, bwalo likhoza kuona kuti kulanda chiphaso n'kopitirira muyeso. Lamulo limapatsa Registrar zilango zosiyanasiyana, kuyambira chenjezo, chindapusa, kuyimitsa chiphaso kwa kanthawi, mpaka kuchilanda, ndipo loya wanzeru nthawi zina satsutsa n'komwe kuti cholakwacho chinachitika. Amangofunsa chifukwa chimene asankhira chilango chomaliza pa munthu amene sanalakwepo.

Mfundoyi imagwa pamene cholakwacho chabwerezedwa pambuyo pa chenjezo, ndipo imagweratu pamene mwini sitolo anayesa kubisa.

Nanga munthu akagonja ku bwalo limeneli, nkhani yathera pomwepo?

Pali njira zitatu zotsala, ndipo zonse n'zopapatiza. Yoyamba ndi kupempha bwalo lomwelo, m'masiku 21, kuti liganizirenso chigamulo chake, zimene limachita pokhapokha ngati panali kulakwitsa kwakukulu, kuphwanya chilungamo pa kazengedwe ka nkhani, kapena umboni watsopano umene sukanatheka kupezeka kale. Yachiwiri ndi apilo ku khoti la Divisional Court, limene limayang'ana ngati bwalo linamasulira lamulo molondola. Khoti limeneli silimvanso mboni, ndipo siliyamba kuweruza mwatsopano kuti wonena zoona anali woyendera kapena mwini sitolo.

Yachitatu ndi kupempha khoti lomwelo kuti liunike chigamulocho, pempho limene ku Ontario liyenera kuperekedwa m'masiku 30. Pa mlandu wa Vavilov mu 2019, khoti lalikulu kwambiri la Canada linanena kuti pounika chigamulo cha bungwe la boma funso lalikulu ndi lakuti kodi n'chomveka, kutanthauza kuti zifukwa zake zikulondolozana bwino ndipo zikugwirizana ndi lamulo komanso umboni umene unalipo. Mu 2024, pa mlandu wa Yatar, umene unachokera ku Licence Appeal Tribunal yomweyi pa nkhani ya inshuwalansi ya galimoto, khotilo linawonjeza kuti kukhala ndi apilo yongokhudza mfundo za lamulo sikutseka khomo lopempha kuunika mbali zina za chigamulo. Koma woweruza akhoza kunena kuti iye akanagamula mwina, n'kusiyabe chigamulocho chili chilili chifukwa sichinatuluke m'malire a zomveka.

Amene amathamangira ku khoti asanadutse ku Licence Appeal Tribunal kawirikawiri amabwezedwa, chifukwa makhoti amafuna kuti munthu ayambe watsiriza njira imene lamulo linamuikira.

Kodi n'zotheka kutenga chiletso kuti sitolo ikhale yotsegula nkhani ili m'khoti?

N'zotheka, koma kungopempha khoti kuti liunike chigamulo sikuimitsa chigamulocho, ndipo chiletso chiyenera kupemphedwa pachokha. Makhoti a ku Canada amatsata mafunso atatu amene anakhazikitsidwa pa mlandu wa RJR-MacDonald mu 1994: kodi pali nkhani yeniyeni yoti iweruzidwe, kodi wopemphayo avulazidwa mwa njira yosakonzeka ndi ndalama, ndipo kodi mbali imene ivutike kwambiri ndi iti. Funso loyamba silivuta. Lachiwiri limafuna manambala, monga lendi ya mwezi ndi mwezi, malipiro a antchito, ngongole ya ku banki, ndi umboni wakuti sitolo ikatseka miyezi ingapo sidzatsegukanso. Lachitatu ndilo limagwetsa ambiri, chifukwa khoti limayamba ndi ganizo lakuti bungwe la boma likuchita zoteteza anthu, ndipo pamene nkhani ikukhudza ana kapena chamba chosayezedwa, woweruza sachedwa kuona kuti chitetezo cha anthu chikulemera kuposa ndalama za mwini sitolo.

Kodi akuluakulu a boma angalande chiphaso chifukwa cha chidani kapena ndale?

Lamulo la Canada linayankha funso limeneli kalekale, pa mlandu wa chiphaso cha mowa umene ophunzira zamalamulo amauwerengabe mpaka lero. Frank Roncarelli anali ndi lesitilanti yodziwika ku Montreal, ndipo pokhala wa Mboni za Yehova, anaperekera belo anzake mazana angapo amene ankamangidwa chifukwa chogawa mabuku awo. Mu Disembala 1946 Maurice Duplessis, amene anali nduna yaikulu ya chigawo cha Quebec, analamula kuti chiphaso chake chithetsedwe, ndipo pasanapite nthawi lesitilantiyo inatsekedwa. Nkhaniyo inatenga zaka zoposa 12, koma mu 1959 khoti lalikulu la Canada linagamula kuti Duplessis alipire Roncarelli ndalama zoposa madola 33,000. Jaji Ivan Rand anafotokoza kuti palibe mkulu wa boma amene ali ndi mphamvu zopanda malire, ndipo mphamvu yolanda chiphaso iyenera kugwiritsidwa ntchito pa cholinga chimene lamulo linaiperekera basi.

Owerenga a ku Malawi amene akukumbukira kuletsedwa kwa Mboni za Yehova mu 1967 ndi zimene zinatsatira aimva nkhaniyi pafupi ndi mtima. Mfundo yake ikugwirabe ntchito pa sitolo ya chamba: chiphaso chikhoza kulandidwa chifukwa cha kuphwanya lamulo la malondawo, osati chifukwa mwini wake wadzudzula bungwe m'nyuzipepala kapena wakwiyitsa munthu waudindo. Chovuta ndi umboni, popeza Duplessis anavomera yekha poyera zimene anachita, pamene akuluakulu ambiri sasiya mapazi otere.

Kodi munthu akapambana amalandira chipepeso cha ndalama zimene anataya?

Kawirikawiri ayi. Licence Appeal Tribunal imabweza chiphaso koma sipereka chipepeso cha malonda otayika, ndipo kuti munthu asumire boma payekha ayenera kusonyeza kuti panali chinyengo kapena cholinga choipa, osati kulakwitsa chabe.

Chimachitika n'chiyani ndi katundu wotsala, nanga munthu angadzafunsirenso chiphaso?

Chamba chotsala sichingagulitsidwe kwa makasitomala, sichingapatsidwe kwa anzanu, ndipo sichingapite kunyumba kukadikira nyengo yabwino. Mwini wake ayenera kutsata malangizo a Registrar pa zoyenera kuchita nacho. Lendi ya nyumba ndi ngongole zimapitirira monga mwa mapangano ake, ndipo eni nyumba ambiri amaika m'pangano mfundo yakuti chiphaso chikatha, pangano lathanso. Munthu amene walandidwa chiphaso amadikira zaka ziwiri asanafunsirenso china, pokhapokha atakhutiritsa Registrar kuti zinthu zasintha kwambiri, ndipo ngakhale zaka ziwirizo zitatha, mbiri yakaleyo imakhala patebulo pamene pempho latsopano likuunikidwa. Kulembetsa sitolo m'dzina la mkazi kapena mchimwene, mwini weniweni ali kumbuyo, n'kulowetsa wachibaleyo m'cholakwa chomwe chija chobisa mwini sitolo.

Kodi ku America zinthu zili chimodzimodzi?

Njira zake zimafanana, koma chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake. Ku California ziphaso zimaperekedwa ndi Department of Cannabis Control, imene inakhazikitsidwa mu 2021, ndipo apilo imapita ku Cannabis Control Appeals Panel. Kumeneko lamulo linanena momveka kuti wokhala ndi chiphaso chongoyembekezera alibe ufulu wa apilo chikathetsedwa, choncho funso loyamba la loya limakhala lakuti chiphasocho n'cha mtundu wanji. Kusiyana kwina n'kwakuti lamulo la dziko lonse la America la 1970 linaika chamba m'gulu la mankhwala oletsedwa, ndipo chifukwa cha ichi makhoti oona za makampani ogwa ndi ngongole akhala akukana kuthandiza ogulitsa chamba.

Nanga ku Malawi, kodi zimenezi zikutikhudza?

Ku Malawi kulibe chiphaso chogulitsira chamba chosuta, ndipo kupezeka nacho ukadali mlandu. Lamulo la Cannabis Regulation Act la 2020 linangolola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, pansi pa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, limene limapereka ziphaso zolimira, zokonzera ndi zotumizira kunja. Alimi ndi makopaletivi amene ali ndi ziphaso zimenezi ali ndi chitetezo chofanana ndi chimene tafotokozachi, ndipo chathu chinalembedwa m'malamulo aakulu oyendetsera dziko. Gawo 43 limapatsa munthu aliyense ufulu woti zochita za boma zomukhudza zikhale zotsata lamulo ndi zachilungamo pa kachitidwe kake, komanso ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa. Wolandidwa chiphaso popanda kumvedwa akhoza kupempha bwalo lalikulu la High Court kuti liunike chigamulocho, ndipo malamulo a bwaloli amafuna kuti pempholo lifike msanga, isanathe miyezi itatu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho kopaletivi imene yauzidwa pakamwa kapena pafoni kuti chiphaso chake chathetsedwa iyenera kulemba kalata tsiku lomwelo yopempha chigamulocho ndi zifukwa zake papepala, n'kusunga kope lodindidwa chidindo cha ofesi chosonyeza tsiku limene kalatayo inalandiridwa.